Timitengo Tiwiri ta Machesi

Buku limapeza munthu atakhala pansi, mtima uli m'malo. Nyuzipepala nayonso munthu amachita kuigula yekha, n'kuitsegula pa tsamba limene wafuna. Positala ilibe mwayi umenewo. Munthu amene ikufuna kumulankhula sanaiitane. Ali pa ulendo wake, mwina wasenza katundu, mwina akuthamangira basi, ndipo maso ake akagwera pakhoma amangokhalapo kamphindi. M'kamphindi kameneko akapanda kutolapo kanthu, ndiye kuti ndalama ya mwini malonda yalowa m'madzi. Masitayelo a mapositala amene akatswiri amawapatsa mayina osiyanasiyana ndi mayankho a vuto limodzi lomweli, ndipo ambiri mwa mayankhowo anapezeka pamene wojambula analimba mtima n'kuyamba kuchotsa zinthu papepala.

Mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1800, zomata m'makoma a mizinda ya ku Ulaya zambiri zinali mawu okhaokha, akuda papepala loyera, mizere yothinana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Aliyense ankamata pamene wafuna, wina pamwamba pa mnzake. Mu 1855 wosindikiza mabuku wa ku Berlin, Ernst Litfaß, anayamba kuimika m'misewu zipilala zonenepa zozungulira kuti zidziwitso zizimatidwa pamenepo, ndipo mzinda wa Paris unatsatira mu 1868 ndi zipilala za kampani ya Morris. Kenako lamulo la ufulu wa zofalitsa nkhani la pa 29 Julaye 1881 linamasula anthu a ku France kumata mapepala osayamba apempha kuboma, kupatula pamalo oletsedwa. Khoma linali litapezeka, ndipo njira yosindikizira zithunzi zikuluzikulu zamitundu inali itakhwima kale.

Mwala, mafuta ndi madzi

Njirayo ndi lithography. Anaitulukira ndi Alois Senefelder ku Munich mu 1796, pofunafuna njira yotchipa yosindikizira masewero amene ankalemba. Maziko ake ndi osavuta: mafuta ndi madzi sizigwirizana. Amatenga mwala wa laimu, wabwino kwambiri unkachokera ku Solnhofen m'chigawo cha Bavaria, n'kuupala mpaka usalale bwinobwino. Wojambula amajambula pamwalapo ndi choko chamafuta kapena inki yamafuta. Akatha, amapaka mwala wonse utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe wosakaniza ndi asidi pang'ono, kenako amaunyowetsa. Madzi amakhazikika pamene sipanajambulidwe, pamene pali mafuta amathawapo. Akagubuduzapo inki yosindikizira, yomwe nayonso ndi yamafuta, imangomata pa chojambulacho basi. Pepala likadindidwa pamwalapo chithunzi chimatuluka chotembenuka, choncho zilembo zonse ankazilemba chobwerera m'mbuyo.

Chovuta chinali mitundu. Mtundu uliwonse unkafuna mwala wakewake, ndipo pepala limodzi linkadutsa pa miyala yonseyo motsatizana. Likasuntha pang'ono chabe, kufiira kwa milomo kunkagwera pachibwano. Mwala wa positala yaikulu unali wolemera moti munthu mmodzi sakanaunyamula, ndipo mwala uliwonse wowonjezera unkadya ndalama ndi masiku. Jules Chéret, amene anakagwira ntchitoyi ku London asanatsegule malo ake osindikizira ku Paris mu 1866, anaonetsa kuti miyala itatu kapena inayi ndi yokwana: wofiira, wachikasu, wabuluu, nthawi zina ndi wakuda wa mizere. Chikasu chikagwera pa buluu pamatuluka mtundu wobiriwira, chikagwera pa kufiira pamatuluka wa lalanje. Iye ankajambula yekha pamwala m'malo mopereka chithunzi kwa amisiri kuti akopere, ndipo anapanga mapositala opitirira 1,000, ambiri mwa iwo a atsikana osekerera akutsatsa mafuta a nyale, zakumwa ndi malo ovinira. Mu 1890 boma la France linamupatsa mendulo ya Légion d'honneur. Chizolowezi chogulitsa chilichonse ndi nkhope ya mtsikana womwetulira, chimene chikadalipo pa zikwangwani mpaka lero, chinazika mizu nthawi imeneyo.

Amene anagwiritsa ntchito kuchepa kwa miyala mwanzeru kuposa onse anali Henri de Toulouse-Lautrec. Positala yake yoyamba, ya mu 1891, inali yotsatsa malo ovinira a Moulin Rouge, ndipo ndi yotalika pafupifupi mamita awiri. Pakati pali wovina Louise Weber, wodziwika ndi dzina loti La Goulue, atakweza mwendo. Zovala zake zam'kati zoyera, zimene ndizo zimayamba kukoka maso, si inki ayi. Ndi pepala lenilenilo, limene Lautrec analisiya losapakidwa kanthu. Kutsogolo kuli mwamuna wovina naye, wa chipewa chachitali ndi chibwano chosongoka, koma wangooneka ngati mthunzi wotuwa. Kumbuyo, anthu oonerera onse aphatikizidwa kukhala mzere umodzi wakuda bii wa mitu ndi zipewa. Dzina la Moulin Rouge lalembedwa katatu pamwamba, katatu konseko likugawana chilembo chimodzi chachikulu cha M. Palibe nkhope ya woonerera ndi mmodzi yemwe, komabe ukaiona umadziwa kuti m'holomo mwadzaza. Kupaka mtundu umodzi wosasinthasintha pamalo aakulu, kuuzunguliza ndi mzere wakuda ndiponso kudula munthu m'mphepete mwa pepala, Lautrec anaziphunzira pa zithunzi za ku Japan zodindidwa ndi matabwa osema, zomwe zinali zitafala ku Paris. Akafuna mtundu wopepuka ankaviika mswachi mu inki n'kuwaza timadontho pamwala.

Si onse anatsata njira yochepetsa. Alphonse Mucha, wochokera kudera limene lero lili m'dziko la Czech Republic, anatchuka mwadzidzidzi mu Januwale 1895, positala yake ya sewero la Gismonda itamatidwa m'misewu ya Paris. Inali yaitali ndi yopapatiza, yamitundu yofatsa, katswiri wa zisudzo Sarah Bernhardt ataima mu mkanjo wodzaza zokongoletsa, nthambi ya kanjedza ili m'manja. Mayiyu anaikonda mpaka anapangana naye mgwirizano wa zaka zisanu ndi chimodzi. Sitayelo imeneyi, ya mizere yopotanapotana, maluwa ndi tsitsi lalitali, ndi imene imatchedwa Art Nouveau. Ndi yokongola zedi, yoyenera kukoloweka pabalaza. Koma pa positala ya Mucha yotsatsa mapepala okulungira fodya a Job, n'kosavuta kuchokapo ukukumbukira tsitsi la mtsikanayo, dzina la malondawo utaliiwala.

Mnyamata amene anafuta chithunzi chake

Cha mu 1905 kampani ya machesi ya Priester inachititsa mpikisano wa positala ku Berlin. Mmodzi mwa olowa mpikisanowo anali Lucian Bernhard, mnyamata amene luso lake lambiri anadziphunzitsa yekha. Nkhani imene imasimbidwa ndi yoti poyamba anajambula monga ankajambulira aliyense: tebulo loyalidwa nsalu, mbale ya phulusa, ndudu yaikulu ikufuka, machesi pambali, ndipo mu utsimo atsikana akuvina. Mnzake wina ataiona anaiyamikira kuti ndi positala yabwino kwambiri yotsatsa ndudu. Bernhard anatenga burashi n'kufuta nduduyo. Ndudu itachoka, utsi unasowa kochokera, ndipo pochoka unatenga atsikana aja. Mbale ya phulusa yopanda ndudu inalibenso ntchito, nsalu ya patebulo chimodzimodzi. Anatsala ndi timitengo tiwiri ta machesi, tofiira, ta mitu yachikasu, titagona pa mtundu woderako kwambiri, pamwamba pake dzina loti Priester m'zilembo zonenepa zabuluu. Akuti oweruza anaiponya m'bini, mpaka Ernst Growald wa kampani yosindikiza ya Hollerbaum & Schmidt anaitola n'kuumirira kuti ndiyo ipambane.

Nkhani zotere zimakometsedwa posimba, koma positalayo ilipo, ndipo imadzichitira yokha umboni. Papepalapo pali zinthu ziwiri zokha, katundu ndi dzina lake, choncho diso lilibe kosochera. Likachoka pa dzina limagwera pa machesi, likachoka pa machesi limabwerera pa dzina. Kufiira ndi chikasu zikakhala pa mtundu woderako zimaoneka ngati zabwera kutsogolo, n'chifukwa chake timitengoto timaoneka ngakhale uli tsidya lina la msewu. Mulibenso lonjezo lililonse, sanalembe kuti machesi awa ndi abwino kapena otchipa. Kusachulutsa gaga m'diwa kumeneku ndiko kumapatsa woona maganizo oti kampaniyi ndi yodziwika kale, sikusowa kudzichemerera. Ajeremani anaitcha sitayeloyi Sachplakat, positala ya chinthu. Bernhard anaipitiriza ndi nsapato imodzi ya kampani ya Stiller ndiponso makina otayipira a Adler, asanasamukire ku New York mu 1923.

Ku Paris, Leonetto Cappiello anafika pa kuphweka komweko podzera khomo lina. Iye katundu sankamulabadira kwenikweni. Ankaika chinthu chimodzi chodabwitsa pa mtundu wakuda kuti chikakamire m'mutu: hatchi yofiira yotsatsa chokoleti cha Klaus mu 1903, chiwanda chobiriwira chikutsegula botolo la Maurin Quina mu 1906. Hatchi ndi chokoleti sizigwirizana pena paliponse, koma wogula ankakumbukira hatchiyo akafika m'sitolo.

Chala, mzere wopendekeka ndi malo opanda kanthu

Nkhondo itabuka mu 1914, maboma anazindikira kuti luso logulitsira machesi lingathenso kukokera anyamata ku usilikali. Alfred Leete anajambula Lord Kitchener, mkulu wa zankhondo ku Britain, pachikuto cha magazini ya London Opinion mu Sepitembala 1914, ndevu za pamlomo zili yangayanga, maso ali tong'o, chala chikuloza woona. Mkono anaufupikitsa, dzanja n'kulikulitsa kuti lioneke ngati likutuluka m'pepala, ndipo kulikonse kumene munthu angaime chalacho chimamulondola. James Montgomery Flagg anabwereza nzeru yomweyo ku America mu 1917 ndi Uncle Sam, munthu wongopeka woimira dzikolo, amene nkhope yake anaitengera pa yake yomwe, ndipo anasindikiza makope opitirira 4 miliyoni.

Ku Russia, cha mu 1924, Alexander Rodchenko anadula ndi sizasi chithunzi cha kamera cha mayi wina, Lilya Brik, atamanga mpango kumutu, dzanja lili pakamwa akufuula, n'kuchimata m'kati mwa bwalo. Liwu la Chirasha lotanthauza mabuku likutuluka m'kamwa mwake, zilembo zikunka zikula, moti phokoso lake umachita kuliona ndi maso. Akatswiri a ku Russia a nthawiyo ankakonda mizere yopendekeka, pozindikira kuti mzere wopingasa umaoneka wogona, woongoka umaoneka woima chilili, pamene wopendekeka umaoneka kuti uli pa liwiro. A. M. Cassandre, wobadwira ku Kharkiv koma wokulira ku Paris, anasewera ndi poimira woona. Pa positala yake ya mu 1935 ya sitima yapamadzi ya Normandie, mphuno ya sitimayo ikubwera molunjika kwa iwe, ndipo ukuiona kuchokera pansi, pafupi ndi madzi. Mmunsi anaikamo timbalame ting'onoting'ono. Timbalameto ndi timene timakuuza kukula kwa sitimayo, popanda kulemba nambala iliyonse.

Nkhondo yachiwiri itatha, akatswiri a ku Switzerland, dziko la zilankhulo zinayi, anasandutsa kuphwekaku kukhala malamulo. Pepala ankayamba aligawa ndi mizere yosaoneka yopingasa ndi yotsika, ndipo chilichonse, chithunzi kaya mawu, chinkayenera kuyambira pa mizere imeneyo. Mawu ankawandandika kumanzere, zilembo zake zopanda timichira, za mtundu wa Helvetica imene Max Miedinger anaikonza mu 1957. Positala ya Josef Müller-Brockmann ya mu 1953 yochenjeza za ngozi zapamsewu ili ndi gudumu lalikulu la njinga yamoto likudula pepala mopendekeka, ndi kamwana kakang'ono kakuthamanga patsogolo pake. Magazi palibe, koma mtima umadumpha. Sitayelo ya Aswisi ili ndi vuto lake, loti ikagwera m'manja mwa munthu wopanda luso imazizira, mapositala onse n'kumafanana ndi zikwangwani za pabwalo la ndege.

Malo opanda kanthu anafika pachimake mu 1959 ku New York, pamene kampani yotsatsa malonda ya Doyle Dane Bernbach inapatsidwa ntchito yogulitsa Volkswagen Beetle kwa Amereka okonda magalimoto akuluakulu. Katswiri wa kampaniyo, Helmut Krone, anaika kagalimotoko kakang'onong'ono pakona yakumtunda, tsamba lonselo n'kulisiya loyera, mawu ochepa ali mmunsi. Mwini malonda aliyense amene walipira tsamba lathunthu amafuna kulidzaza, ndipo mkangano umenewu pakati pa iye ndi wojambula sunathe mpaka lero.

Nsalu yosefera inki ndi matumba a ufa

Kumwera kuno kwa Africa, positala inakula kwambiri pa nthawi yolimbana ndi tsankho la ku South Africa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri othawa kwawo anakhazikitsa gulu la Medu Art Ensemble ku Gaborone, m'dziko la Botswana. Munali wolemba Mongane Wally Serote ndi wojambula Thami Mnyele. Mapositala awo ambiri ankawadinda ndi silkscreen: nsalu yopyapyala yokungidwa pa chimango cha matabwa, imene amaitseka paliponse pamene sakufuna inki, kenako amathira inki n'kuikokera ndi mphira kuti idutse m'malo otsegula okhawo. Magetsi safunika, ndipo chimangocho munthu atha kuchibisa mosavuta. Koma mtundu uliwonse umafuna kukoka kwakekwake, choncho anabwerera pa vuto la Chéret lija n'kupeza yankho lofanana: mitundu iwiri kapena itatu, nkhonya, unyolo woduka, mawu ochepa. Mapepalawa ankawalowetsa mozemba ku South Africa, kumene apolisi ankawang'amba akangowaona. Pa 14 Juni 1985 asilikali a South Africa anaukira Gaborone n'kupha anthu 12, Mnyele ali m'gulumo, ndipo Medu inathera pomwepo.

Ku Ghana zinthu zinayenda mosiyana, ndipo zimatsutsa ndithu zambiri zimene zanenedwa pamwambapa. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, anthu oyendayenda ndi kanema wa matepi, TV ndi jenereta ankalemba ntchito ojambula kuti awapangire mapositala pa matumba a ufa osokereredwa pamodzi, olimba moti ankatha kuwakulunga n'kuyenda nawo mudzi ndi mudzi. Kawirikawiri wojambulayo filimu sanaionere. Ankangowonjezera akatumba, mfuti, njoka ndi magazi, ngakhale zina mwa izo mufilimumo mulibe. Apa kuchulutsa ndiko kunkagwira ntchito, chifukwa munthu wa pamsika sanali wodutsa mothamanga. Anali ndi nthawi yoima, kuloza ndi kukambirana ndi anzake ngati filimuyo ndi yoyenera kulipira pakhomo. Makina osindikiza otchipa atafala ntchitoyi inazilala, ndipo lero matumba aja amagulidwa ndi anthu osunga zojambula ku Ulaya ndi ku America.

Kwathu kuno

Amalawi amene analipo mu 1993 akudziwa mphamvu ya chinthu chimodzi papepala kuposa mmene buku lingafotokozere. Pa riferendamu ya pa 14 Juni chaka chimenecho, funso lalikulu la chipani chimodzi kapena zipani zambiri linafupikitsidwa kukhala zithunzi ziwiri, tambala wakuda woimira chipani chimodzi ndi nyali yoimira zipani zambiri. Wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa ankazimva mofanana, ndipo pafupifupi ovota awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Kuyambira pamenepo zipani zakhala zikudziwika ndi mitundu, ndipo nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri m'kati mwa bwalo ndi positala imene imadziyendera yokha kumsika ndi kumisonkhano. Makampani a mafoni anaphunzira zomwezo. Sitolo yopakidwa penti wofiira kapena wobiriwira umaidziwa uli patali kuti ndi Airtel kapena TNM, dzina usanaliwerenge.

Amisiri olemba zikwangwani m'matauni ndi m'misika ya kumudzi akhala akuchita za Bernhard osamva n'komwe dzina lake. Pabutchala amajambula mutu wa ng'ombe, pometera tsitsi mitu itatu ya amuna yoyang'ana kumbali, pogulitsa zipangizo zomangira khasu, loko ndi thumba la simenti. Penti ndi wodula ndipo khoma ndi laling'ono, ndiye amasankha. Asanapake amayamba alemba ndi choko, kukoka chingwe kuti mzere uwongoke, ndi kuwerenga zilembo kuti dzina lisathere pakona litapanikizana.

Kompyuta inachotsa malire amenewa. Mtundu wachisanu kapena wakhumi sulipiridwanso padera, zilembo zilipo za mitundu mazanamazana, ndipo zotsatira zake timaziona pa mapositala ambiri a zoimbaimba ndi misonkhano: nkhope khumi, zilembo za mitundu isanu, moto ndi nyenyezi kumbuyo, pamene tsiku ndi malo, zomwe ndizo munthu akufuna, zabisala pakona. Kawirikawiri wolakwa sakhala wojambula. Aliyense amene waikapo ndalama amafuna nkhope yake ioneke, ndiponso isachepe kuposa ya mnzake.

Malire amene atsala ndi a dzuwa. Makina a masiku ano amasindikiza ndi inki zinayi zimene amazitchula mwachidule kuti CMYK: yabuluu wowala, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Mitundu ina yonse imapangidwa ndi timadontho ta inki zinayizi, timene ungatione ukayandikira chikwangwani chachikulu. Inkizi sizilimba mofanana. Yachikasu ndi yofiirira ndizo zimayamba kusuluka, n'chifukwa chake mapositala akale a m'mawindo a masaluni amasanduka abuluu, nkhope za anthu n'kumaoneka ngati akudwala. Mtengo wa katundu kapena nambala ya foni ikalembedwa mwachikasu pamalo oyera imavuta kuwerenga ikadali yatsopano, ndipo ndiyo imayamba kuzimiririka. Osindikiza odziwa ntchito amalangiza kuti dzina, tsiku ndi nambala zilembedwe ndi inki yakuda.